Mpendero wa Kumbuyo

Nasingano ankasokera pakhonde la sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Dzinali anampatsa ndi makasitomala, ndipo lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Kumapeto kwa khonde lomwelo kunkakhala a Chidendene, osoka nsapato, munthu wolongolola ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Awiriwa anakalambira limodzi pakhondepo, akunyozana m'mawa, akubwerekana sizasi masana.

Anthu ankati Nasingano amasokera thupi limene munthu amalilakalaka, osati limene ali nalo. Phewa lotsika ankalikweza, mimba yotuluka ankaibisa, miyendo yokhota ankaiphimba mwakuti mwini wakeyo ankaiwala. Miyezo sankalemba paliponse. Inkakhala m'zala mwake.

Luso limeneli analiphunzirira pa mwana wake, mmodzi yekhayo amene anali naye. Mwanayo anakula ndi msana wolowa mkati pachiuno, mimba ikutsogola, matako akutsalira, ndiye anzake kusukulu anamutcha Kabakha. Tsiku lina anabwera akulira chifukwa yunifolomu yogula m'sitolo inkakwera kumbuyo n'kumalendewera kutsogolo. Nasingano sanapite kukakangana ndi ana a eni. Anaphwasula yunifolomuyo, anatalikitsa nsalu ya kumbuyo, anaitsina pang'ono pachiuno kuti igone bwino m'dzenje la msanalo, ndipo m'mawa mwake mpendero unali wolingana kuzungulira konse. Kuyambira pamenepo Kabakha sanavalenso chovala chosokedwa ndi munthu wina.

Dzina lija linakakamira, koma atakula linasiya kuwawa. Amene ankamuseka anayamba kutembenuka akamadutsa, n'kumati mtsikanayo Mulungu anampatsa mbina. Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, munthu waulemu amene ankakhala pamsewu masiku ambiri kuposa pakhomo. Kabakha anapeza ntchito kochapira zovala kuhotela, kunyamula mabeseni a nsalu zonyowa zapabedi ndi kuimirira akusita ndi simbi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Tsiku lina lopuma Kabakha anafika pakhondepo atanyamula nsalu yakuda. Anati akufuna diresi yogwirira ntchito, ndipo mkati mwake muikidwe nsalu ina yochindikala. Nasingano anaitembenuza nsaluyo uku ndi uku. Mwana wakeyu chiyambire ankakonda zofiira ndi zachikasu, zoti munthu azimuonera patali.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

Kabakha anati yakuda sichedwa kuda, basi. Anavula nsapato n'kuziponya kwa a Chidendene kuti azione, kenaka anaimirira pa katoni imene makasitomala ankapondapo.

Nasingano anagwada, mapini ali kukamwa, n'kumukulunga nsaluyo. Kutsogolo zonse zinali monga kale. Atazungulira kumbuyo anapeza mpendero wakwera. Ulendo wapitawo anautsitsa zala zitatu. Tsopano anaika zala zinayi, koma sunafikebe. Anakweza dzanja kuti atsine nsalu pachiuno, ndipo chala chake chachikulu chinagunda pamsana pamalo pamene fupa linali litasiyana ndi linzake, ngati sitepe yapakhomo. Kabakha anadzidzimuka n'kugwira tebulo la makina.

Anawauza amayi ake kuti afulumire, kuimirira malo amodzi kumamutopetsa. Atafunsidwa za msana anaseka, n'kunena kuti kochapira kulibe munthu wopanda msana, onse amamwa mapiritsi ngati mtedza. Nasingano anachotsa mapini kukamwa kuti ayankhe, koma panafika kasitomala wofuna zipi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kabakha atapita, a Chidendene anabwera ndi nsapato ina yakumanzere imene anaisiya kuti iikidwe chigamba. Anaiika pamwamba pa nsalu yakuda ija.

"Chotsani chinthu chanucho pansalu ya eni."

"Taonani kaye, mayi. Anthu onse amadya chidendene, ndiye ine ndimadyera pomwepo. Mwana wanuyu akudya kuchala. Chidendene chikadali chatsopano. Ndipo si koyamba kuti ndiike chigamba pamenepa."

Nasingano anaitenga nsapatoyo. Kutsogolo kwake kunali kopalika mpaka kuyera, ngati munthu wakhala akuikwekwesa pa simenti. A Chidendene anayamba kunena kuti matenda obisa amaululidwa ndi maliro, koma iye anawadula ndi diso, ndipo anabwerera kumalo kwawo mwakachetechete, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

Nasingano anatuluka mpaka pamsewu. Kabakha anali asanafike patali. Diresi yachikasu imene anavala inali bwinobwino, mpendero wolingana ngati wojambula ndi rula. Koma pansi pa mpenderowo mwendo wakumanzere unkakwera kwambiri pabondo, phazi n'kugwa pansi ngati nsanza yonyowa. Anayenda pang'ono, anaima n'kutsamira mtengo wamagetsi ngati akufuna kanthu m'chikwama, kenaka anayambanso.

Nasingano sanali munthu wozungulira nkhani. Mawa lake madzulo anapita kunyumba kwa mwana wake n'kumuuza kuti apite kuchipatala chachikulu akajambulidwe msana. Anamupeza atagona pansi pabalaza, miyendo ataikweza pampando. Kabakha anati anapitako kale kukachipatala kapafupi, anampatsa mapiritsi omwewo amene amagula kugolosale. Anati kuhotela akangomva kuti munthu ali ndi vuto la msana amayamba kumuyang'ana ngati mpando wothyoka, ndipo pageti pamakhala atsikana ambiri odikira malo ake. Nasingano anati ntchito imapezeka ina, miyendo sagulitsa pamsika. Kabakha anati amayi akukuza nkhani yaing'ono, ingosokani diresiyo.

"Nanga amuna ako akuti bwanji?"

"Anene chiyani? Akabwera amandipeza ndili m'madiresi anu, ndawaphikira, ndiye akufuna chiyaninso?"

Mkamwini atabwera kuulendo, Nasingano anamudikira pakhonde lake, popeza ankadutsa pomwepo popita kogona malole. Anamulonjera mwaulemu wake, kenaka anamuuza zonse, za sitepe yapamsana ndi za nsapato. Mkamwiniyo anamvetsera atavula chipewa. Pomaliza anamwetulira n'kunena kuti msana ndi matenda a aliyense wogwira ntchito, iyenso akatsika m'lole amayenda ngati nkhalamba.

"Musadandaule, amayi. Ine ndimamuona tsiku lililonse ndikakhalapo. Dzulo lomweli anaima pakhomo kundilandira, wowongoka bwinobwino ngati kale."

Anatsanzika n'kupita. Nasingano anakhala pa makina osawapondera. Wowongoka uja sanali mwana wake. Inali diresi. Anali ataisoka yekha, ndi ina isanabwere iyo, ndi inanso, chaka chilichonse akutsitsa kumbuyo pang'ono, akutsina pachiuno pang'ono, n'kumakondwa kuti dzanja lake silinakalambe.

M'mawa mwake anayala nsalu yakuda ija patebulo. Anatenga choko n'kujambula monga amajambulira munthu wina aliyense wa msinkhu ndi chiuno chotero, kutsogolo ndi kumbuyo kulingana. Dzanja linkakana. Kawiri konse anapeza choko chatsetsereka chokha kumunsi kuti chiwonjezere zala zija, ndipo ankafufuta ndi malovu n'kuyambiranso. Atagwira sizasi anazengereza pang'ono, chifukwa nsalu ukaidula suibwezeretsa. Kenaka anadula.

A Chidendene, amene anaona madiresi a Kabakha akudulidwa kwa zaka zonsezo, anasuzumira.

"Mayi, kumbuyoko mwaiwala."

"Sokani nsapato zanu."

Anaisoka bwino diresiyo, mizere yowongoka, zipi yogona, nsalu yamkati monga anapemphera. Munthu akanaipachika m'sitolo ikanagulidwa tsiku lomwelo. Anaisita, anaipinda, ndipo anadikira Lamlungu masana, pamene ankadziwa kuti mkamwini ali pakhomo.

Anawapeza atangomaliza kudya. Kabakha anafuna kuilandira diresiyo n'kuiika m'kabati, koma Nasingano anati ayiyese pomwepo, iye sabweranso kawiri chifukwa cha diresi imodzi. Kabakha analowa kuchipinda. Anakhalitsako. Atatuluka anali akukoka nsalu kumbuyo ndi manja onse awiri.

Kutsogolo diresiyo inkalendewera mpaka pafupi ndi akakolo. Kumbuyo inakwera kupitirira mawondo. Pachiuno nsalu inaunjikana m'dzenje la msana ngati thumba lopanda kanthu, ndipo zipi inakhotera kumanja. Thupi lonse linaoneka ngati lathyokera pakati, chifuwa chikupita kwina, chiuno chikupita kwina.

Mkamwini anayamba kuseka, n'kunena kuti lero singano ya amayi yagwira ntchito itagona. Palibe anamuthandiza kuseka. Anayang'ananso, ndipo kuseka kuja kunamuuma pakamwa.

"Amayi, mwandisokera chiyani?" anafunsa Kabakha.

"Diresiyo ilibe vuto. Ndaidula monga ndimadulira aliyense."

"Ndiye mwabwera kudzandichititsa manyazi m'nyumba mwanga?"

"Ima ndi zidendene, ukweze zala."

Kabakha anakana. Mwamuna wake anamupempha chapansipansi kuti angoyesa. Kabakha anagwira chitseko, anakweza zala zakumanja, zinakwera. Zakumanzere zinangokhala pansi ngati za munthu wina. Anayesanso, koma sizinasunthe. Kenaka anatembenuka mwaukali kuti abwerere kuchipinda, phazi lija linakodwa m'nsalu yakutsogolo, ndipo anagwa pansi pakhomo pa chipindacho.

Mwamuna wake anathamanga kukamudzutsa. Kabakha anamukankha n'kumuuza kuti asamugwire, atuluke. Nasingano ndi amene anayamba kuona madzi akuyenderera pa simenti kuchokera pansi pa diresi. Apo m'pamene anamvetsa chifukwa chake mwana wokonda zofiira anafuna nsalu yakuda yokhala ndi ina mkati. Anavula mpango wake n'kuuponya pamadzipo, koma mkamwini anali ataona kale.

Mkamwiniyo anamufunsa Kabakha kuti zayamba liti. Kabakha, nkhope ili kukhoma, anati masabata angapo, ndipo nthawi zina samva n'komwe kuti zachitika. Mkamwini sanafunsenso. Anatuluka kukafuna galimoto.

Kuchipatala chachikulu anamujambula msana tsiku lomwelo n'kumugoneka. Dokotala wake anali mayi wachitsikana wolankhula mofulumira. Anaitanira Nasingano ndi mkamwini m'kachipinda, anaika chithunzi cha mafupa pagalasi lowala, kenaka anasanjika zibakera zake ziwiri n'kutsetsereza chapamwamba kutsogolo. Anati fupa lina la kumunsi kwa msana latsetsereka chotero pamwamba pa linzake, ndipo lapana mitsempha yopita kumiyendo ndi kuchikhodzodzo. Anati anthu ambiri ali ndi msana wolowa mkati ndipo amakalamba nawo popanda vuto, koma kwa uyu fupalo liyenera kuti linali lofooka kuyambira ali mwana, ndiye kunyamula zolemera kwakhala kukulikankha pang'onopang'ono. Pafunika opaleshoni mwamsanga kuti mitsempha yotsalayo ipulumuke. Za phazi lija sanalonjeze kanthu.

Kenaka anafunsa ngati pali amene anaona kuti msanawo unayamba liti kusintha. Mkamwini anayang'ana chipewa chake.

"Chaka chimene anayamba ntchito kuhotela," anatero Nasingano. "Ndine telala wake. Mpendero wa kumbuyo unkakwera chaka ndi chaka."

"Ndiye munkatani?"

"Ndinkautsitsa."

Dokotalayo anamuyang'ana pang'ono, kenaka anazimitsa galasi lija.

Opaleshoni inachitika. Anamanga mafupa awiriwo ndi zitsulo. Nasingano anafunditsa makina ake, anawasiya m'manja mwa a Chidendene, n'kukakhala kuwodi. Ankamutembenuza mwana wake monga anamwino anamusonyezera, ankamupukuta, ankachapa nsalu n'kuziyanika pawaya kuseri kwa wodi pamodzi ndi za ena. Kabakha ankalola zonsezo koma sankamulankhula. Akafuna madzi ankauza mwamuna wake, mwamunayo akachoka ankauza mayi wa pabedi loyandikana nalo. Mayiyo tsiku lina anafunsa Nasingano ngati ali wantchito wolembedwa. Nasingano anati eya, n'kupitiriza kufinya thaulo.

Sanapepese, ndipo sanafune kuti wina amupepese. Chimene chinkamudya sichinali diresi yakudayo. Zinali zinzake zija, zofiira ndi zachikasu, zimene zinali lendelende m'kabati kunyumba, iliyonse yotalikirapo kumbuyo kuposa inzake.

Chikhodzodzo chinabwerera mwakale patapita milungu. Mwendo wakumanja unalimba. Tsiku limene anamuimiritsa koyamba pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, Kabakha anayenda mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, ndipo wophunzitsa kuyendayo anawomba m'manja. Koma phazi lakumanzere linkalendewerabe. Analiyesa ndi masewera, analiyesa ndi lamba, ndipo pomaliza dokotala ananena poyera kuti mtsempha wake unapanidwa nthawi yaitali, asayembekezere zambiri. Anampatsa chipulasitiki chomanga kuyambira pakatumba mpaka kuphazi, ndi ndodo yachitsulo.

Kuhotela anatumiza moni ndi thumba la zipatso. Malo ake anali atapatsidwa kale kwa mmodzi wa atsikana a pageti aja.

Nasingano anabwerera pakhonde. Makasitomala ena anali atasamukira kwa telala wa kuseri kwa msika, ndipo panamveka mphekesera yoti gogo uja maso atha, anasokera mwana wake yemwe diresi yokhota. Iye sanatsutse. A Chidendene anayesa kumuputa ndi nthabwala zakale, koma atawona kuti sakubweza, anayamba kumangomuikira kapu ya tiyi pambali pa makina osanena kanthu. Mkamwini ankadutsa n'kupereka malipoti: lero wayenda mpaka pampopi, lero wafika kugolosale. Anabweretsanso nsapato yakumanzere kuti a Chidendene aikulitse, chipulasitiki chija chizilowa.

Miyezi inapita Kabakha osaponda pakhondepo. Kenaka m'mawa wina Nasingano, ali mkati moika zipi pa thalauza la eni, anamva kugogoda kwa ndodo pa simenti. Anadziwa asanatukule mutu.

Kabakha anali ataonda. Anavala siketi yogula m'sitolo ndi shati ya mwamuna wake. Kayendedwe kaja kamene anthu ankatembenukira kanali katapita. Tsopano inkayamba ndi ndodo, kenaka mwendo wabwino, kenaka winawo wouma ngati thabwa. Koma anafika yekha, kuchokera pamene basi imaima, popanda womugwira.

A Chidendene anadzuka n'kumupatsa mpando wawo, akunena kuti nsapato yawo ikuoneka kuti ikugwira ntchito kuposa mwini wake. Kabakha anamwetulira pang'ono, koma anakana kukhala. Anati akakhala kudzuka kumavuta. Anatulutsa m'chikwama diresi yakuda ija n'kuiika patebulo la makina.

Nasingano anaitambasula. Anaiyang'ana kumbuyo, maso ake akuwerenga kale pofunika kuphwasula. Nsalu yotsala anali ataisunga. Akanalumikiza chidutswa pansi pa lamba, palibe akanadziwa.

"Ndikhoza kuikonza," anatero. "Mawa lomweli ikhala italingana."

"Ayi. Mungofupikitsa kutsogoloku, ndikumakodwa nako. Kumbuyo musakugwire."

"Anthu aziona."

"Aziona."

Nasingano anafuna kunena kuti kusoka kotero si kusoka, koma anameza mawuwo. Anakoka katani ya pakona pamene makasitomala ankavulira, anamuthandiza kuvala, kenaka anakankhira katoni ija pakati ndi phazi. Anatenga mapini n'kuwaika kukamwa. Kugwada kunamutengera nthawi, chifukwa nayenso msana wake unali utaweramira makina zaka zambiri.

Anayamba kupinda mpendero wa kutsogolo, akuukweza mpaka pamene phazi silingaufike. Kabakha anatsamiritsa ndodo patebulo, koma inatsetsereka n'kugwa. Anagwedezeka, anafufuza pogwira, ndipo dzanja lake linatera paphewa la amayi ake.

"Musafulumire," anatero. "Ndikhoza kuima."

Pakamwa pa Nasingano panali mapini. Dzanja lija linkalemera, ndipo silinachoke. Anabaya pini, anasuntha bondo, anabaya ina, mpaka anafika pamsoko wa m'mbali pamene nsalu ya kumbuyo imayambira. Pamenepo zala zake zinaima. Anachotsa mapini otsalawo kukamwa n'kuwabwezera m'kachitini.